Khoswe wa Pamkhate ndi Mwala wa Hammurabi

Mvula ya ku Mzuzu ikayamba madzulo imatha kuchezera usiku wonse, ndipo kukamacha misewu ya kwathu ku Luwinga imakhala itasanduka phala. Usiku wina wotere, m'mwezi wa Epulo, tinadzidzimuka ndi chiphokoso ngati kwagwa chimtengo. Titatuluka ndi matochi tinapeza kuti mpanda wa njerwa wa bwana wina, amene amamanga nyumba zogonamo ophunzira a pa yunivesite, wagwera khitchini ya mayi wina wamasiye. M'khitchinimo munkagona mdzukulu wa mayiyo, mnyamata wa zaka 12. Tinamufukula ali moyo, koma mwendo wake wakumanzere unali utathyoka pawiri.

Patapita sabata ziwiri mlandu unakambidwa pakhomo pa mfumu ya dera lathu, pansi pa mtengo wa mapeyala, m'Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa monga zimakhalira mu Mzuzu. Mmisiri amene anamanga mpandawo anabwera, chipewa chili m'manja. Mwini mpanda sanabwere. Anangotuma kapitawo wake kudzanena kuti abwana ali ku msonkhano ku Lilongwe. Mmisiri atapatsidwa mpata anati, "Zikomo mfumu. Ine ndinawauza abwana kuti pamalo otsetsereka ngati pajapa pafunika maziko akuya ndi simenti yokwanira. Iwo anati ndingochulukitsa mchenga, ndalama zatha. Ndikanakana, ntchito akanapatsa wina, ana anga n'kugona ndi njala." Mfumu inayang'ana kapitawo, kapitawo anayang'ana pansi. Chigamulo chinali chakuti amene anagwira njerwa ndi manja ake ndiye amange khitchini ina ndi kulipira zonse za kuchipatala. Mmisiriyo anagulitsa njinga yake.

Ine ndinalipo pabwalopo. Miyezi itatu m'mbuyomo ndinali nditamva ndi makutu anga bwana uja akumukalipira mmisiriyo pa nkhani ya simenti yomweyo. Mfumu itafunsa ngati pali wina woti awonjezerepo, ndinakhala chete. Nyumba imene ndimachita lendi ndi ya bwana yemweyo.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamumenya uswa mkhate, ndiye umangomuyang'ana akupukuta ndevu. Kuyambira tsiku limenelo funso limodzi lakhala likundisowetsa tulo: kodi alipo malo pansi pano pamene lamulo linafikapo pa khoswe wa pamkhate? Ndipo ngati mfumu ndiyo iweruza anthu, nanga mfumuyo aiweruza ndani? Funso limeneli ndi limene linandibwezera ku mwala wina umene ndinaumva koyamba ndili ku sekondale, m'phunziro la mbiri yakale.

Mwalawu ndi wakuda, wotalika mamita 2.25, ndipo uli m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Louvre ku Paris. Akatswiri ofukula m'mabwinja a ku France anaupeza kumapeto kwa 1901 ndi kumayambiriro kwa 1902 ku Susa, m'dziko la Iran, komwe mfumu ya ku Elam, Shutruk-Nahhunte, inaupititsa ngati chofunkha cha kunkhondo. Mwini wake anali Hammurabi, amene analamulira Babylon, mzinda umene Buku Lopatulika limautcha Babulo, kuyambira cha m'ma 1792 mpaka 1750 Yesu asanabadwe. Pamwamba pa mwalawu anasemapo Hammurabi ataimirira, dzanja lili pakamwa mwaulemu, pamaso pa Shamash, mulungu wawo wa dzuwa ndi chilungamo, amene wakhala pampando atagwira ndodo ndi mkombero. Pansi pake pali malamulo amene akatswiri anawawerengera kuti alipo 282. M'mawu oyamba ndi otsiriza mfumuyo imadzitama kuti milungu inaisankha kuti iteteze ofooka kwa amphamvu, makamaka ana amasiye ndi amayi amasiye.

Nditakumbukira zimenezi mtima unati myaa. Ndinkadziwa kuti pamwalapo pali lamulo lonena za nyumba yogwa, ndipo ndinaganiza kuti mayi wa ku Luwinga uja akanathandizidwa bwino ku Babylon kusiyana ndi pansi pa mtengo wa mapeyala. Komatu nditaliwerenganso lamulolo ndinachita manyazi. Lamulo la nambala 229 likuti mmisiri akamanga nyumba yosalimba, nyumbayo n'kugwa ndi kupha mwini wake, mmisiriyo aphedwe. Lotsatira lake likuti ngati wafa ndi mwana wa mwini nyumba, aphedwe ndi mwana wa mmisiri. Tsono taonani: mwala wa Hammurabi ukanagwira munthu yemweyo amene mfumu yathu inagwira, ndipo ukanamugwira mwankhanza koposa. Za munthu wa ndalama amene amaumira simenti, lamulolo silikunenapo kanthu. Ndipo mwana wa mmisiri, amene sanagwireko njerwa ngakhale imodzi, akanafera nkhuyu zimene anadya atate ake.

Ambiri timawadziwa malamulowa chifukwa cha mfundo ya diso kulipa diso, ndipo timaganiza kuti mfundoyi inkagwira aliyense mofanana. Sizinali choncho. Anthu a ku Babylon anali m'magulu atatu: mfulu zapamwamba, anthu wamba, ndi akapolo. Ukakolowola diso la mfulu yapamwamba, nawenso ankakukolowola diso. Ukakolowola la munthu wamba, unkangolipira siliva. Ukakolowola la kapolo, unkalipira theka la mtengo wa kapoloyo, ndipo ndalamazo zinkapita kwa mbuye wake. Munthu akamenya mbama wina womuposa udindo ankakwapulidwa zikoti 60 pamaso pa anthu. Mwa njira imeneyi lamulo lenilenilo linkavomereza kuti maso a anthu ali ndi mitengo yosiyana. Ife lero m'malamulo athu tinalemba kuti anthu onse ndi ofanana, koma pabwalo la ku Luwinga tsiku lija mwendo wa mdzukulu wa mayi wamasiye sunakwanitse kuitanitsa bwana kuchoka ku Lilongwe. Anthu a ku Babylon tsankho lawo analilemba poyera, pomwe ife timalibisa m'thumba la kapitawo.

Komabe ndisaupeputse mwalawu, chifukwa muli nzeru zina zimene ngakhale ife zingatisirire. Lamulo loyamba lenileni likuti munthu akanamizira mnzake kuti wapha munthu, n'kulephera kupereka umboni, wonamizirayo ndiye aphedwe. Lachisanu likuti woweruza akagamula mlandu n'kudinda chidindo, kenaka n'kudzasintha chigamulocho, alipire kakhumi ndi kawiri kuposa mtengo wa mlanduwo ndipo achotsedwe pampando osadzabwereranso. La nambala 23 likuti munthu akaberedwa ndipo wakubayo osagwidwa, mzinda ndi mkulu wake am'bwezere munthuyo zimene zatayika. La nambala 48 likuti mlimi wa ngongole, munda wake ukakokoloka ndi madzi kapena kuuma ndi chilala, chaka chimenecho asabweze ngongoleyo ndipo chiwongoladzanja chisawerengedwe. Mlimi wa ku Nsanje kapena ku Karonga amene madzi osefukira anamutengera mbewu angalilandire ndi manja awiri lamulo lotere. Choposa zonse, mfumuyi inalemba malamulo ake pamwala n'kuuimika poyera, n'kunena kuti aliyense wolakwiridwa abwere kuti amuwerengere. Mfumu ikalemba mawu ake pamwala ndiye kuti yadzimanga pang'ono, chifukwa mawa anthu angathe kuikumbutsa.

Ndati pang'ono chifukwa pali malo amodzi pamene mwalawu uli duu. Muli zilango za mmisiri, sing'anga, woweruza, wogulitsa mowa, mbusa wa ziweto, ngakhale wometa tsitsi, koma mulibe lamulo ndi limodzi lomwe lonena zoyenera kuchitika mfumu ikalakwa. Mfumu inkayankha kwa milungu basi. Zolembedwa za m'zaka zambiri pambuyo pa Hammurabi zimasimba kuti pa chikondwerero cha chaka chatsopano mkulu wa ansembe ankailanda mfumu ndodo ndi chisoti, kuimenya mbama, kuikoka makutu ndi kuigwaditsa pamaso pa mulungu wawo Marduk kuti inene kuti sinawononge mzinda ndipo sinazunze anthu ake. Misozi ikatuluka ankati chaka chikhala chabwino. Mwambowu ukusonyeza kuti anthuwa ankadziwa ndithu kuti mfumu nayo ndi munthu wotha kulakwa. Koma mbamayo inali ya m'kachisi, kamodzi pa chaka, yochokera kwa wansembe, ndipo ikatha mfumu inkabwezeredwa chisoti chake. Mayi wamasiye amene mfumu yamulanda munda analibe bwalo loti akaisumireko.

Nanga makolo athu? Iwo sanaseme malamulo pamwala, koma anali ndi bwalo. Mfumu sinkaweruza yokha. Inkakhala ndi nduna zake, ndipo wosumiridwa ankabwera ndi nkhoswe kapena amalume ake oti am'yankhulire. Mlandu unkakambidwa poyera, aliyense wodziwa kanthu n'kuponyapo mawu, chifukwa wolira samugwira pakamwa. Cholinga chachikulu chinali kubwezeretsa ubale, n'chifukwa chake milandu yambiri inkatha ndi nkhuku, mbuzi kapena makasu. Mfumu ikachuluka nkhanza, mabanja ankasamuka usiku kukamanga mudzi kwina, mfumuyo n'kutsala ikulamulira mabwinja. Chimenechi chinali chilango chenicheni. Koma tisadzinamize kuti kale zonse zinali bwino. Anthu omwewo ndi amene anati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo mwambi umenewu anaupeka ataona zinthu ndi maso.

Pali chinthu chimodzi chimene makolo athu ndi anthu a ku Babylon anafanana modabwitsa. Lamulo lachiwiri la Hammurabi likuti munthu akanenedwa kuti ndi mfiti popanda umboni, akadziponye mumtsinje. Akamira ndiye kuti ndi wolakwa, ndipo womuneneza atenge nyumba yake. Akapulumuka, womunenezayo aphedwe. Kwathu kuno tinali ndi mwavi: wosanza anali wosalakwa, wofa anali mfiti, mpaka boma la atsamunda linauletsa ndi lamulo la 1911. Ine ndikuona kuti mtsinje ndi mwavi ntchito yawo inali imodzi. Mlandu ukavuta, anthu ankaopa kunyamula udindo woweruza, ndiye ankaupereka kwa madzi kapena kwa khungwa la mtengo kuti pasapezeke woti n'kumuloza chala. Ndipo amene ankasakaniza mwavi ankadziwa amene mfumu ikufuna kuti afe.

Dziko lathu linaona ndi maso zimene zimachitika munthu mmodzi akakhala mwini lamulo ndi mwini bwalo lomwe. Mu 1969, khoti litamasula ena mwa oganiziridwa pa nkhani ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mu Blantyre, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linasintha lamulo n'kupatsa makhoti amiyambo mphamvu zozenga milandu ikuluikulu, ngakhale yoti munthu n'kunyongedwa. M'makhotiwa ambiri mwa oweruza anali mafumu, ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Mu 1971 Dr. Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Albert Muwalo, yemwe anali mmodzi mwa akuluakulu a chipani, anaweruzidwa m'khoti lotere n'kunyongedwa mu 1977.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Orton Chirwa wa ku Nkhata Bay, kunsi kwa mapiri athu omwewa. Iyeyu anali Mmalawi woyamba kukhala loya, anali mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party mu 1959, ndipo anakhalapo nduna ya zachilungamo asanathawire ku Tanzania nduna zitasemphana ndi Dr. Banda mu 1964. Mu Disembala 1981 iye ndi mkazi wake Vera, amenenso ndi loya, anagwidwa cha kumalire a Zambia. Anawazenga mlandu woukira boma m'khoti lamiyambo la chigawo cha kummwera, popanda loya wowaimira, ndipo mu Meyi 1983 anawagamula kuti aphedwe. Mayiko akunja atadandaula, chilangocho chinasinthidwa mu 1984 kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993. Makhotiwa ankatchedwa amiyambo, koma ndi mwambo uti wa makolo umene unkaletsa munthu kubwera ndi womuyankhulira pabwalo? Anatenga dzina la bwalo n'kusiya nkhoswe panja. Unali mwavi wovala suti.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Pambuyo pa referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, Dr. Banda mwini wake anazengedwa mlandu mu 1995 pa imfa ya Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, mwezi womwe uja a Chirwa anagamulidwa. Iye anali ndi maloya, kuphatikizapo wochokera ku Britain, mboni zinafunsidwa mafunso poyera, ndipo mu Disembala 1995 khoti linamupeza wosalakwa. Ambiri zinawawawa, ndipo ndikumvetsa. Koma nditaganizira bwino ndikuona kuti pamenepo dziko lathu linachita chinthu chimene Hammurabi sanachiganizirepo n'komwe. Linaika mfumu pansi pa lamulo, kenaka linaipatsa chitetezo chonse chimene iyo inamana ena. Tikanamuweruza monga iye anaweruzira Orton Chirwa, tikanangosintha munthu wogwira chikho cha mwavi.

Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Mike Tembo, anakhala tsiku lonse akuwerenga chigamulo chothetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, chija mapepala ena anafufutidwa ndi Tipp-Ex. Khoti lalikulu la apilo linagwirizana nawo mu Meyi, ndipo pa 23 Juni 2020 tinavotanso. Pulezidenti amene anali pampando, Peter Mutharika, anagonja kwa Lazarus Chakwera, koma pa chisankho cha mu Sepitembala 2025 anthu anamubwezeranso pampandowo. Zimenezi zikundiphunzitsa kuti ntchito ya bwalo inali kuona ngati njira yatsatidwa, ndipo yosankha munthu inatsala m'manja mwa eni dziko. Tsiku limenelo khoswe anatsika pamkhate, mkhate osasweka.

Wina angandifunse kuti, kodi aliyense akamaweruza mfumu, ulemu udzakhalapo? Kodi mudzi sudzasanduka msika? Funsoli ndi lomveka, ndipo mantha ake ndi enieni. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana wina. M'matauni mwathu taonapo oganiziridwa kuba akuotchedwa ndi matayala. Koma gulu lotere likuchita zomwezo zimene inkachita mfumu yankhanza: palibe umboni, palibe nkhoswe, palibe mpata woyankha, ndipo pamapeto aliyense amati si ine. Komanso gulu silikhudza khoswe wa pamkhate. Limagwira nkhalamba ndi mnyamata woba nkhuku. Chimene ine ndikupempha n'chakuti mfumu, bwana ndi mmisiri onse azikhala pamphasa imodzi pamaso pa bwalo, aliyense n'kumvedwa. Mfumu imene imalola kufunsidwa ulemu wake umakula, chifukwa anthu amaimvera ndi mtima wonse. Imene imangoopedwa, anthu amaigwadira masana n'kumaitukwana usiku.

Tsono ndibwerere pansi pa mtengo wa mapeyala, kumene ndakhala ndikuzemba. Ndi chapafupi kudzudzula Hammurabi amene anafa zaka zoposa 3,700 zapitazo, kapena kutamanda majaji a ku Lilongwe. Anthu ambiri a ku Babylon sankadziwa kuwerenga, kotero mwala uja ukanangokhala chiimire popanda munthu woti awerengere wolakwiridwa. Malamulo athunso ali chimodzimodzi. Ali m'mabuku, ambiri mwa iwo m'Chingerezi, ndipo sadzuka okha kupita kukagogoda pakhomo pa bwana. Amafuna mboni. Tsiku lija lamulo linalipo, bwalo linalipo, mfumu inafunsa katatu konse, ndipo mboni inali chikhalire pabenchi ikuwerengera za lendi. Mkhate umene ndinkaopa kuswa unali wanga.

Patapita mwezi ndinapita kwa mayi uja. Mdzukulu wawo anali pakhonde, mwendo uli m'chikhakha. Nditawafotokozera zimene ndinamva, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Bambo, nanga tsiku lija munali kuti?" Ndinalibe yankho. Tinapita limodzi kwa mfumu, ine ndikuyembekezera kukalipiridwa. Mfumu inapukusa mutu n'kunena kuti, "Achimwene, inu mukuganiza kuti ine sindinadziwe? Mawu a mmisiri okha pamaso pa munthu wotere anali opepuka. Mukanayankhula, ine ndikanapeza poponda. Mutu umodzi susenza denga." Mwina mfumuyo inkangodzipeputsira katundu. Mwinanso inkanena zoona, kuti woweruza amalimba mtima molingana ndi anthu amene amuzungulira.

Poti mlandu suwola, mfumu yavomera kuitananso bwana uja, ndipo yanena kuti akapanda kubwera ilemba kalata yoti nkhaniyi ipite ku khoti la majisitireti. Mmisiri wamva, ndipo akuti adzabwera ngakhale wapansi. Kapitawo naye wamva. Sabata yatha anandibweretsera uthenga woti kuyambira mwezi wamawa lendi yakwera. Madzulo ano, mvula ikakata, ndipita ku Area 1B kukaona nyumba ina imene ndamva kuti ilibe munthu.